Pepani sapoletsa chilonda cha pagoli

Ng'ombe ndi abulu okoka ngolo ndiwo amalumikiza mudzi ndi msewu wa tala, koma zambiri mwa ziwetozi zimagwira ntchito ndi zilonda zosapola. Kuchokera pa Chifunga mpaka ku Cairo ndi ku Cape Town, phunziro lake ndi limodzi: wofuna kupulumutsa chiweto ayambe wakhala pansi ndi mwini wake.

Mwezi wa Okutobala ukafika pakati, dzuwa la kumunsi kwa Neno silidikira masana. Pofika 9 koloko m'mawa, tala wa msewu wa M6, wochokera pa Zalewa kupita kuchipata cha Mwanza, amakhala atayamba kale kunyezimira ngati wathiridwa madzi. Milambe yaima yopanda tsamba, mbuzi zapanikizana pa kamthunzi ka khonde la golosale, ndipo matumba a makala afola m'mbali mwa msewu kudikira ogula. Pa Chifunga, pamsewu womwewu, pamadutsa dziko lonse: mathiraki ochokera ku Beira ndi ku Tete, mabasi a ku Joni, maminibasi a pakati pa Blantyre ndi Mwanza.

M'munsi mwa talayo, m'kanjira ka fumbi, mumayenda chinthu china chimene odutsa sachiponyera n'komwe diso. Matayala awiri akale a galimoto, bokosi la matabwa, mtengo umodzi wautali kutsogolo, ng'ombe ziwiri pagoli ndi mnyamata wa mkwapulo m'manja. Ngolo imeneyi ndiyo imatulutsa nandolo ndi thonje kumunda, kututa mchenga ndi njerwa, kupititsa chimanga kuchigayo ndi kubweretsa madiramu a madzi zitsime zikauma. Kumidzi kumene galimoto sifika, mayi wodwala pakati pa usiku amagonekedwa m'ngolo yomweyo pa ulendo wa kuchipatala.

Ngolo ikaima ndipo goli likachotsedwa, sendererani pafupi muyang'ane pakhosi pa ng'ombezo, patsogolo pa linunda. Kawirikawiri mupeza ubweya utasosoka, khungu litachita chikang'a, ndipo pena pali chilonda chofiira chimene ntchentche zachizinga. Mukafunsa, yankho limakhala lakuti ndi mmene zimakhalira ndi ng'ombe zapagoli. Mwini wake sanama, chifukwa chibadwire sanaonepo ng'ombe yokoka ngolo yopanda chipsera.

Chilonda chimenecho si chibadwa cha ntchito. Chili ndi gwero lake, ndipo gwerolo likhoza kutsekedwa ndi manja a anthu a pa Chifunga pomwepo.

Dziko lopanda akavalo

M'maiko ambiri nkhani ya nyama zogwira ntchito imayambira pa kavalo. Kwathu kuno ambiri tinamuonera pa chithunzi, kapena kumalo a alendo monga pa phiri la Zomba ndi ku Kande m'boma la Nkhata Bay. Ngakhale maina ake ndi obwereka: "kavalo" tinatenga kwa Apwitikizi amene anakhazikika ku Tete kalekale, pamene "hatchi" ndi dzina lochokera kwa Angelezi.

Kusowa kwa akavalo kuli ndi zifukwa. Choyamba ndi kashembe, amene amafalitsa matenda ofooketsa ndi kupha ziweto. Chachiwiri ndi mliri wa akavalo wa mu Africa muno, umene umafalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka toluma madzulo ndi usiku. Mliriwu ukalowa m'khola la akavalo osabayidwa katemera, ungathe kupha asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse, pamene bulu ndi mbidzi amapirira.

Mu 1866 David Livingstone anayesa kupeza nyama yosaopa kashembe. Poyamba ulendo wake womaliza, wotsata mtsinje wa Rovuma kulowera ku nyanja yathu, anatenga ngamila zisanu ndi imodzi, njati zoweta za ku India, nyulu ziwiri ndi abulu anayi. Zambiri zinafera m'njira. Koma iye anadandaula kuti asilikali a ku India amene ankazikusa ankazisenzetsa katundu wopyola muyeso ndi kuzimenya mpaka zilonda, kotero kuti kunali kovuta kudziwa chimene chinazipha, kaya kashembe kaya ndodo. Papita zaka zoposa 150, koma funso lomwelo likadali pakhomo pa mwini ngolo aliyense: chiweto chikafa msanga, tinene kuti ndi matenda kapena ndi manja athu?

Popeza nyama zinakanika, katundu wa dziko lino anakhala pamutu pa munthu. Makolo athu anasenza azungu m'machila, ndipo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna ochuluka zedi a mu Nyasaland anatengedwa kukakhala amtengatenga, ambiri osabwerako. Mpaka lero mayi wa kumudzi amadziwa kulemera kwa ndowa ndi mtolo wa nkhuni kuposa wina aliyense. Tikamanena za ng'ombe kapena bulu wokoka ngolo, tikunena za chiweto chimene chinatula katundu ameneyo pamutu pa munthu. Chikadwala, katunduyo amabwerera pamutu pa mayi ndi mwana wamkazi.

Mayi amene anagula akavalo 5,000

Nkhondo yomweyo imene inatenga amtengatenga athu inasiya akavalo ambirimbiri ku Egypt. Itatha, gulu la nkhondo la Britain silinawabweze kwawo, linawagulitsa konko. Mu 1930 mayi wina wa ku Britain, Dorothy Brooke, anafika mumzinda wa Cairo ndi mwamuna wake amene anali mkulu wa asilikali. M'misewu anapeza akavalo ankhondo aja atakalamba, nthiti zili pamtunda, akukoka ngolo zolemera.

Mu 1931 analemba kalata m'nyuzipepala ya Morning Post ku London, ndipo anthu anasonkha ndalama. M'zaka zitatu anagula akavalo 5,000. Ambiri anali atatheratu moti sakanachiranso. Anawapatsa chakudya ndi mpumulo masiku ochepa, kenako anawagoneka mwamtendere. Nkhani ikanathera pamenepo, ikanangokhala ya chifundo cha mayi mmodzi.

Koma mayiyu anaona chinthu china. Kavalo wokalamba akachoka pa ngolo, mwini wake ankamangapo wina, ndi zingwe zomwezo, katundu yemweyo ndi njala yomweyo. Anthuwo sanali zigawenga, anali amphawi amene chakudya cha ana awo chinkachokera pa msana wa chiwetocho. Ndiye mu 1934 anatsegula chipatala chaulere ku Cairo cha akavalo, abulu ndi nyulu zonse zogwira ntchito mumzindamo. Bungwe la Brooke limene linabadwa pamenepo lilipo mpaka lero, ndipo limagwira ntchito m'maiko monga Kenya, Ethiopia, Senegal, India ndi Pakistan. Gawo lalikulu la ntchito yake masiku ano ndi kuphunzitsa eni ziweto, osema ziboda, osoka malamba ndi alangizi a m'deralo.

Kumene mabasi a pa Chifunga amathera

Achinyamata athu amene amadutsa pa Chifunga pa basi n'kukafika mpaka ku Cape Town amawaona akavalo ogwira ntchito ndi maso awo. M'makomboni a ku Cape Flats, ngolo za akavalo zimayenda m'misewu ya tala pamodzi ndi magalimoto, zitanyamula zitsulo zakutha kupita nazo kwa ogula.

Mwambo umenewu unayambira ku District Six, dera la pakati pa mzinda kumene eni ngolo ankagulitsa nsomba, zipatso ndi ndiwo zamasamba khomo ndi khomo. Mu 1966 boma la tsankho linalengeza kuti deralo ndi la azungu okha, ndipo m'zaka zotsatira anthu anasamutsidwa mokakamiza kupita ku Cape Flats, kutali ndi misika yawo. Ambiri anatembenukira ku zitsulo. Chitsulo n'cholemera kuposa kabichi, mtunda unatalika, makola anali a malata ong'ambika, ndipo akavalo anayamba kuonda ndi kutsimphina. Nkhanza imene inachitikira anthu inatsikira pa msana wa nyama.

Mu 1995 kunakhazikitsidwa bungwe la Cart Horse Protection Association. Panali anthu amene ankafuna kuti ngolozo zingoletsedwa, koma bungweli linasankha njira ina. Linatsegula malo ku Epping kumene mwini kavalo amagula chakudya cha chiweto chake motchipa, kuchiveketsa nsapato zachitsulo, kukonzetsa malamba ndi kuonana ndi dokotala wa ziweto. Ngolo zimakhala ndi nambala yozizindikiritsa, kuti woona kavalo akuzunzidwa athe kukanena. Kavalo wozunzidwa kapena wodwala kwambiri amachotsedwa pamsewu n'kupita kumalo opumulirako mpaka atachira, ndipo mwini wouma mtima amakumana ndi lamulo. Koma kulanda ndi njira yomalizira. Ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi yakuti mwini kavalo azibwera yekha, osaopa, chilonda chisanakule.

Goli la ng'ombe pakhosi pa bulu

Kwathu kuno m'bale wa kavalo amene amagwiradi ntchito ndi bulu. Ambiri ali m'chigawo chapakati, makamaka ku Dedza ndi ku Lilongwe. Ndi wotchipa poyerekeza ndi ng'ombe, amapirira chilala, ndipo mayi kapena mwana amatha kumuyendetsa mosavuta. Kudera louma ngati kumunsi kwa Neno, bulu ndi chiweto choyenera kuganiziridwa ndi banja lililonse limene silingakwanitse ng'ombe ziwiri. Koma asanamugule, adziwe kumene anzathu a m'chigawo chapakati anapunthwa.

Bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, limene linayamba mu 2008, lakhala likuyendera midzi ndi chipatala choyendayenda. Pa nkhani ya abulu lagwirapo ntchito ndi bungwe la The Donkey Sanctuary la ku England, limene linayambitsidwa ndi Elisabeth Svendsen mu 1969. Vuto limene limaonekera msanga pa abulu a m'dziko muno ndi lakuti timawamanga pagoli la ng'ombe.

Ng'ombe yathu ili ndi khosi lalifupi, lamphamvu, ndi linunda. Goli limakhala patsogolo pa linundalo, ndipo ng'ombe ikamayenda imalikankha. Bulu alibe linunda. Khosi lake ndi lalitali, lopyapyala, ndipo khungu lake silichedwa kunyuka. Mphamvu zake zili pachifuwa ndi m'mapewa. Mukamuika pagoli, mtengo umakhala pamwamba pa mafupa a khosi, kulemera konse kwa mtengo wa ngolo kumamupanikizira mutu pansi, ndipo chingwe chapansi chimamutsamwitsa pokwera chitunda. Amakoka pang'ono, amatopa msanga, amaima. Akaima, mkwapulo umatsika, ndipo anthu amati bulu ndi wamakani.

Bulu si wamakani. Akaona choopsa kapena akamva ululu sathawa ngati kavalo, amaima n'kuganiza. Ndiponso amabisa ululu wake, moti bulu wongoima mutu uli pansi, makutu atagwa, osadya, amakhala atadwala kale kwambiri. Amene amawerenga Baibulo akukumbukira nkhani ya Balamu m'buku la Numeri, amene anamenya bulu wake katatu chifukwa chokana kuyenda, pamene buluyo ankaona ngozi imene mbuye wake sankaiona.

Chofunika pa bulu ndi lamba wapachifuwa, wotambalala ngati chikhatho, wosalala mkati, wopangidwa ndi nsalu yolimba ya kanivasi kapena lamba wakale wa makina, wokutidwa ndi nsalu yofewa imene ingachotsedwe n'kuchapidwa. Pamsana pakhale kachishalo kofewa kosakhudza fupa la msana, konyamula kulemera kwa mitengo ya ngolo, ndipo kumbuyo kukhale lamba wogwira ngolo potsetsereka kuti isamugunde miyendo. Waya, chingwe cha nayiloni chopyapyala ndi mphira wa tayala wokhala ndi mawaya mkati zimadula khungu ngati mpeni. Palibe chimodzi mwa zinthu zoyenerazi chimene telala kapena wosoka nsapato wa pa msika sangapange ataonetsedwa kamodzi.

Ngolo nayo iyenera kukhala ya msinkhu wake. Ngolo yopangidwira ng'ombe ziwiri imalemera kale isanapakiridwe kanthu. Ndipo ngati bulu akusenza pamsana, thumba limodzi la makilogalamu 50, logawidwa mofanana mbali zonse ziwiri, ndilo malire kwa bulu wamkulu wathanzi.

Ngakhale pa ng'ombe, goli lililonse si goli. Losemedwa mothamanga, lokhala ndi mfundo kapena m'mbali mwakuthwa, limapala khungu pa phazi lililonse limene ng'ombe yaponda. Goli labwino ndi la mtengo wopepuka koma wolimba, losalazidwa bwino, lotambalala pamene limakhudza khosi. Ng'ombe ziwirizo zikhale zofanana msinkhu ndi mphamvu, apo ayi yaing'ono imasenza zonse. Katundu akaunjikidwa kutsogolo kwa ngolo amapanikiza makosi, akaunjikidwa kumbuyo goli limanyamuka n'kumakoka kukhosi. Malo ake ndi pamwamba pa matayala. Tayala lopanda mpweya wokwanira ndi mabelingi ouma opanda girisi zimawonjezera ntchito imene ng'ombe imalipira ndi thupi lake.

Miyezi imene ng'ombe imagona ndi njala

Mlimi aliyense amaidziwa miyezi ya njala ya anthu, Januwale ndi Febuluwale. Ya ng'ombe imabwera msanga: Seputembala, Okutobala ndi Novembala. Msipu umakhala utauma, moto wolusa wa osaka mbewa utanyambita tchire, ndipo mitsinje ing'onoing'ono yothira mu Lisungwi ndi Wamkulumadzi itasanduka mchenga. Nthawi yomweyo ndi imene ngolo imafunidwa kwambiri, kututa madzi, njerwa ndi manyowa. Mvula yoyamba ikagwa, ng'ombe yoonda ija ndi imene imamangidwa pa pulawo. Timaifunsa ntchito yaikulu pa nthawi imene ilibe mphamvu.

Chaka cha 2024 chinaonetsa zimenezi poyera. Mu Malichi chaka chimenecho, Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino agwa m'ngozi chifukwa cha chilala. Chimanga chikapserera m'munda, mapesi amachepa, ndipo gaga amene akanapita kukhola amalowa mumphika wa anthu. Palibe angadzudzule kholo losankha mwana m'malo mwa ng'ombe. Koma ng'ombeyo ikafa, banja limataya chinthu chimene chikanalitulutsa m'njalayo.

M'mera mpoyamba. Chakudya cha Okutobala chimasungidwa mu Meyi. Mapesi, zotsala za mtedza, makoko a nandolo ndi udzu womwetedwa usanaumiretu, zikaikidwa pa thandala pansi pa denga, kutali ndi chiswe ndi dzuwa, zimadyetsa ng'ombe ziwiri m'miyezi yovutayi. Mapesi ambiri amene timawatentha pososa ndi chakudya chimene tikuponya pamoto. Gaga pang'ono wothira kamchere pa tsiku la ntchito amabweza mphamvu.

Madzi ndiwo amaiwalika kwambiri. Bulu wogwira ntchito padzuwa amafuna pafupifupi ndowa ya malita 20 pa tsiku, ndipo ng'ombe imafuna kuposa pamenepo. Pali chikhulupiriro chakuti chiweto chisamwe chili pa ntchito chifukwa chichita ulesi. Si zoona. Chiweto chaludzu ndicho chimafooka, ndipo bulu wosowa madzi amamangika m'mimba. Zimapweteka mtima kuona ng'ombe zikukoka madiramu a madzi kuchokera pa mjigo, izo osalawako ngakhale dontho.

Nthawi yogwirira ntchito nayo ndi mankhwala. Kuyamba m'bandakucha n'kumasula dzuwa lisanafike paliwombo, kenako kubwereranso litapendeka, kumapatsa ng'ombe mpata wodya ndi kubzikula pamthunzi. Ng'ombe yosapatsidwa nthawi yobzikula imaonda ngakhale msipu ulipo. Chiweto chaching'ono chisamangidwe pa katundu wolemera mafupa asanakhwime. Bulu adikire mpaka zaka zitatu kapena zinayi. Bulu wamkazi amakhala ndi bere pafupifupi miyezi 12, ndipo m'miyezi yomalizira ayenera kupuma. Ubweya wa bulu sutchinga mvula bwino, choncho khola lake lifunika denga ndi pansi pouma, chifukwa matope amawoletsa ziboda.

Chilonda chikaoneka

M'midzi yambiri mankhwala a chilonda cha chiweto ndi oyilo wakuda wochotsedwa mu injini, phulusa, dothi, ngakhale madzi a m'batire. Amene amachita izi amafuna kuthandiza, makamaka kuthamangitsa ntchentche. Koma oyilo amatsekera litsiro mkati, ndipo madzi a m'batire amatentha mnofu umene ukanamera. Safunsa anadya phula.

Njira yabwino ndi yotchipa kuposa zonsezi. Wiritsani madzi, muwasiye azizire, muthiremo kamchere pang'ono, ndipo mutsuke chilondacho ndi kansalu koyera m'mawa ndi madzulo. Chitetezeni ku ntchentche kuti chisagwe mphutsi. Koposa zonse, chotsani chimene chinachiyambitsa. Chilonda cha pagoli sichipola goli lomwelo likamabwererapo m'mawa uliwonse. Masiku angapo opuma amaoneka ngati ndalama yotayika, koma ndi ochepa poyerekeza ndi miyezi imene chiweto chimagona chilonda chikalowa mkati.

Chilonda chakuya, chotupa kapena chonunkha n'cha mlangizi wa ziweto. Bulu ndi kavalo sachedwa kugwidwa ndi kafumbata kudzera pa bala, ndipo akauma nsagwada kuchira kumakhala kovuta. Chiweto cholumidwa ndi galu wokayikitsa chikhoza kutenga chiwewe, ndipo pamenepo moyo wa anthu a pakhomo uli pangozi. Musalowetse dzanja m'kamwa mwa chiweto chimene chikutuluka dovu ndi kuchita zachilendo. Nkhupakupa zimabweretsa matenda opha ng'ombe, n'chifukwa chake dibi kapena kupopera mankhwala sikofunika kudumphitsa. Njoka zam'mimba zimadya chakudya chimene mwavutikira kusunga. Majumbo otayidwa pa msika, akamezedwa ndi chiweto chanjala, amatseka matumbo. Ziboda za bulu zimakula ngati zikhadabo zathu. Ziyang'anidwe tsiku lililonse kuchotsa timiyala ndi minga, ndipo zikatalika zisemedwe ndi munthu wodziwa.

Lamulo lilipo, koma silisema goli

Dziko lino lili ndi lamulo loteteza nyama, la Protection of Animals Act, limene limaletsa kumenya chiweto mwankhanza, kuchisenzetsa katundu wopyola muyeso ndi kuchigwiritsa ntchito mochizunza. Lamuloli n'lofunika, chifukwa alipo anthu ochepa amene amamenya chifukwa cha ukali kapena mowa, ndipo amenewo ayenera kuyankha. Koma wapolisi sangaime pa njira iliyonse ya ngolo, ndipo chindapusa sichiphunzitsa munthu kusoka lamba wapachifuwa.

Pali chinthu chinanso chofunika kuchiyang'ana. Nthawi zambiri woyendetsa ngolo si mwini wake. Ndi mnyamata waganyu amene amalipidwa potengera maulendo, choncho kwa iye kupumitsa ng'ombe ndi kudzichepetsera malipiro. Mwini ngolo amene amafuna kuti ziweto zake zikhalitse ayenera kugwirizana ndi mnyamatayo za kuchuluka kwa katundu ndi maola a ntchito, ndipo malipiro asakhale omukakamiza kuthamangitsa ziweto. Nafenso amene timachita hayala ngolo tili ndi mbali yathu. Tikamaumiriza kuti njerwa za maulendo awiri zikwere ulendo umodzi kuti tilipire zochepa, chilonda chija timachikumba nawo.

Anthu odziwa alipo. Sukulu ya Mikolongwe m'boma la Chiradzulu yakhala ikuphunzitsa alangizi a ziweto, ndipo yunivesite ya LUANAR ku Bunda tsopano imaphunzitsa madokotala a ziweto m'dziko momwe muno. Vuto ndi lakuti mlangizi mmodzi amayang'anira dera lalikulu, ndipo nthawi yake yambiri imathera pa miliri ndi pa nyama yogulitsa pa msika. Chiweto chokoka ngolo, makamaka bulu amene sitidya nyama yake kapena kumwa mkaka wake, chimatsalira kumbuyo pa mndandanda.

Bulu ali ndi mdani winanso. Ku China chikopa chake amachiwiritsa n'kupanga mankhwala otchedwa ejiao, ndipo malonda amenewa apha abulu mamiliyoni ambiri, ena akubedwa m'makola usiku m'maiko monga Kenya, Tanzania ndi South Africa. Mu Febuluwale 2024 atsogoleri a African Union, pa msonkhano wawo ku Addis Ababa, anagwirizana zoletsa kupha abulu chifukwa cha zikopa mu Africa yense. Anthu okhala m'mphepete mwa msewu wopita kuchipata cha dziko ayenera kukhala maso ndi mlendo wofuna kugula abulu ambiri nthawi imodzi osafunsa ngati amadziwa kukoka ngolo.

Zimene Chifunga ingayambe yokha

Palibe chifukwa chodikira galimoto ya bungwe kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Pa Chifunga pali akalipentala, owotcherera zitsulo, matelala ndi osoka nsapato. Pali mafumu amene mawu awo amamveka, mipingo, sukulu ndi makalabu a alimi. Eni ngolo khumi atagwirizana kukumana pansi pa mtengo tsiku limodzi pa mwezi, ataitana mlangizi wa ziweto, aliyense atabwera ndi goli lake ndi ziweto zake, zambiri zingasinthe m'chaka chimodzi. Kalipentala angaone pamene goli likudya khungu n'kupala pomwepo. Akhoza kusonkherana kugula botolo limodzi la mankhwala a njoka zam'mimba kapena a nkhupakupa, limene munthu mmodzi sangalikwanitse. Akhoza kumanga chomwera cha simenti pafupi ndi mjigo, ndi kusiya mtengo wa mthunzi pamalo pamene ngolo zimadikira katundu.

Ana asasiyidwe kunja, chifukwa ndiwo abusa ndi oyendetsa ngolo a mawa. Mwana amene waona bambo ake akumwetsa ng'ombe asanamwe iwo, sadzafuna kuuzidwa. Ng'ombe yophunzitsidwa modekha imamva dzina lake ndi mawu a woiyendetsa, ndipo mkwapulo umangokhala wolozera njira.

Walira mvula walira matope. Amene wafuna mphamvu za chiweto wavomeranso ludzu lake, njala yake ndi kutopa kwake. Mphawi sangakwanitse zonse, koma kusalaza goli, kuchepetsa njerwa, kumwetsa madzi ndi kumasula masana sizifuna ngongole ya kubanki.

Madzulo pa Chifunga, dzuwa likamalowera cha ku Mwanza ndipo mathiraki ayatsa nyali, ngolo zimabwerera kumidzi zopanda katundu. Pakhomo goli limatsitsidwa n'kutsamiritsidwa pa khola. Nthawi imeneyo, ng'ombe zisanalowe, pali kantchito kosatenga mphindi ziwiri: kuyendetsa chikhatho pakhosi pa chiweto chilichonse, pang'onopang'ono, kuyambira kumakutu mpaka pa linunda. Pamene patentha, patupa kapena pamene chiweto chadzidzimuka, ndi pamene chilonda chikufuna kubadwa. Wochipeza usiku umenewo amangotenga mpeni n'kupala goli. Wochipeza patatha mwezi amakhala atatsala ndi pepani, ndipo akuluakulu ananena kale za pepani.